Zidutswazo ndi za ndani? Za maejenti ndi makompyuta ogawana ntchito pa malonda a pa intaneti

Funso: Aphunzitsi, ndili m'chaka chomaliza cha maphunziro a zamakompyuta ndipo tauzidwa kusankha mutu wa kafukufuku. Pa mndandanda pali wakuti multi-agent systems ndi parallel computing pa malonda a pa intaneti. Ndawerengako pang'ono koma mutu wangondizungulira. Kwa ine zikuoneka ngati n'chinthu chimodzi, mapulogalamu ambiri ogwira ntchito nthawi imodzi. Kodi pali kusiyana kwenikweni? Nanga zimenezi zimagwiradi ntchito m'makampani, kapena zimangothera m'mapepala a ku yunivesite?

Yankho:

Mwachita bwino kufunsa musanayambe kulemba, chifukwa ambiri amabwera atadzaza kale masamba 20 ndi mawu awiriwa, akuwasinthanitsa ngati mapasa. Patali amafananadi. Koma ine ndikaona dongosolo lokhala ndi zidutswa zambiri, ndisanawerenge kuti zilipo zingati ndimayamba ndafunsa kuti ndi za ndani, ndipo kodi china chingapindule ponamiza chinzake?

Zikakhala zonse za mwini mmodzi, ntchito n'kukhala imodzi yomwe yangogawidwa kuti ithe msanga, imeneyo ndiye parallel computing. Purosesa (kachipangizo kochita masamu m'kompyuta) nambala 7 ilibe maganizo akeake, siibisira purosesa nambala 8 kanthu. Mavuto anu pamenepo ndi liwiro, kudikirana, ndi kuphatikiza mayankho. Zikakhala za eni osiyana, aliyense ndi chofuna chake, mwalowa m'dziko la maejenti. Ejenti ndi pulogalamu yoimira munthu kapena kampani: imaona zochitika, imasankha yokha chochita, ndipo imasunga chinsinsi cha abwana ake. Ya wogula ikudziwa kuti abwana angafike pa madola 90, koma ili duu. Ya wogulitsa ikudziwa kuti 70 ingavomere, nayonso ili duu. Muwonjezere makompyuta chikwi, kusamvana kwa awiriwa sikutha, poti liwiro silinali vuto chiyambire.

Tiyambe ndi mbali yogawana ntchito. Sitolo yaikulu ya pa intaneti ili ndi ntchito zambiri zogawika bwino. Kuwerengera kuti ogula chinthu ichi amakondanso kugula chiyani, kuchepetsa zithunzi mamiliyoni, kufufuza dzina la katundu pa mndandanda wautali, zonsezi mumaziduladula, kompyuta iliyonse n'kutenga gawo lake, pomaliza n'kusonkhanitsa. Ndiyo nzeru ya MapReduce imene Jeffrey Dean ndi Sanjay Ghemawat a ku Google anafotokoza mu 2004, pulogalamu yotchedwa Hadoop n'kudzaitengera pambuyo pake kuti aliyense aigwiritse ntchito. Apa palibe chodabwitsa, mutu umodzi susenza denga.

Chimene ophunzira ambiri amachilumpha ndi chomwe Gene Amdahl ananena mu 1967. Pa ntchito iliyonse pamakhala kagawo kokana kugawika, koyenera kuchitika motsatana basi. Tiyerekeze kuti kagawoko ndi 5 peresenti yokha. Mukaika mapurosesa 10, ntchito ifulumira pafupifupi ka 7. Mukaika 100, ifika pafupi ndi ka 17. Gulani onse a padziko lapansi, ka 20 simudzapitirira. Ndalama zikupita, liwiro laima.

Pa malonda kagawo kokanako kamakhala pa nsapato yomaliza. Sitolo yatsala ndi peyala imodzi ya saizi 42. Makasitomala awiri, wina pa foni wina pa laputopu, adina batani logula m'kamphindi komweko. Pempho la woyamba lagwera pa seva A (seva ndi kompyuta yolandira mapempho a makasitomala), la wachiwiri pa seva B. Seva A yafunsa ku database kuti zatsala zingati, yauzidwa imodzi. Isanalembe kuti yatenga, seva B nayo yafunsa, nayo yauzidwa imodzi. Onse awiri alandira uthenga wothokoza, onse adulidwa ndalama, pomwe pa shelefu pali bokosi limodzi. Anthu a ntchitoyi amati race condition. Mankhwala ake odziwika ndi loko: wofika poyamba atseke chitseko, enawo adikire panja. Koma mukatero maseva anu 500 afola pa khomo limodzi, ndiye kugula kwanu makina ambiri kuja kwapita kuti?

Luso lonse lagona pa kuchepetsa malo ofunika loko, ndipo nthawi zambiri yankho limachokera kwa a bizinesi, osati kwa olemba code. Mu 2007 akatswiri a ku Amazon anafalitsa pepala lofotokoza Dynamo, yomwe inkasunga mabasiketi a makasitomala. Anasankha kuti kuika chinthu m'basiketi kusamakanike, ngakhale maseva ena atafa kapena atasiya kumvana. Dipo lake analinena okha poyera: nthawi zina makope awiri a basiketi amasiyana, ndipo powaphatikiza chinthu chimene kasitomala anachotsa chimabwereranso. Anaona kuti bola munthu adabwe ndi chinthu chobwerera kusiyana n'kumukaniza kugula. Izi zikugwirizana ndi zomwe Eric Brewer ananena mu 2000, zotchedwa CAP theorem: netiweki ikaduka pakati, muyenera kusankha, kaya mupitiriza kuyankha anthu ngakhale makope akusiyana, kaya muima kuti makope agwirizane. Pa basiketi mungalolere kusiyana. Pa kudula ndalama ayi. Alibaba inalengeza kuti pa malonda ake a 11 Novembala mu 2020 inafika pa maoda 583,000 pa sekondi imodzi. Chiwerengero chotere simuchipeza pongounjika maseva, mumachipeza podziwa kuti ndi pati pamene anthu ayenera kufola ndi pati pamene angadutse mbwee.

Makina a mwini mmodzi sanamizana dala, koma amaphonya. Pa 1 Ogasiti 2012 kampani ya Knight Capital ya ku America, yogula ndi kugulitsa masheya, inayamba tsiku itaika pulogalamu yatsopano pa maseva 7 mwa maseva ake 8. Yotsalayo inadzutsa code yakale yomwe inali itagona kwa zaka, n'kuyamba kutumiza maoda mosalekeza. M'mphindi 45 madola opitirira 400 miliyoni anapita. Maseva 7 anali bwinobwino.

Tsopano maejenti. Ambiri timayambira pa Contract Net Protocol ya Reid G. Smith, ya mu 1980. Kompyuta ikakhala ndi ntchito yoilemera imalengeza, zinzake zomwe zingathe zimatumiza zimene zingachite, yolengezayo n'kusankha imodzi n'kuipatsa kontrakiti. Smith ankaganiza za makompyuta ogwirizana. Mu 1993 Tuomas Sandholm anaikamo mitengo, n'kuiyesa pa makampani onyamula katundu omwe amasinthana maulendo, aliyense akuwerengera phindu lake. Kuyambira pamenepo nkhani inasiya kukhala ya makompyuta okha, inakwatirana ndi maphunziro a zachuma.

Intaneti itatseguka kwa amalonda, chiyembekezo chinali chachikulu. Mu 1995 Andersen Consulting inatulutsa BargainFinder: mumalemba dzina la CD, iyo n'kuyendera masitolo angapo a pa intaneti kukubweretserani mitengo. Masitolo ena anaitsekera khomo, chifukwa sanafune kupikisana pa mtengo wokhawokha. Kankhani aka ndimakakonda, chifukwa kamaonetsa chimene parallel computing singakuphunzitseni, kuti chidutswa china cha dongosolo lanu chikhoza kungokana kusewera nanu, ndipo chili ndi ufulu wotero. Mu 1996 Anthony Chavez ndi Pattie Maes a ku MIT Media Lab anapanga Kasbah, msika umene munthu ankatumako ejenti yake ataiuza mtengo woyambira, mtengo wosapitirira, tsiku lomaliza, ndi khalidwe lake pokambirana: ya phuma yokweza mtengo mosadukiza, yodekha, kapena youmira yodikira mpaka kumapeto. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa FIPA, bungwe lofuna kuti maejenti onse azilankhula chilankhulo chimodzi, uthenga uliwonse uzidziwika ngati ndi wodziwitsa, wopempha, wotchula mtengo kapena wokana. JADE, pulogalamu yomangira maejenti yomwe inachokera ku malo ofufuzira a Telecom Italia, inatsatira malamulo amenewo, ndipo mwina muikumana nayo m'mapepala ambiri omwe muwerenge.

Pa funso lanu lachiwiri ndikuyankhani mosabisa. Loto lija la msika wotseguka, maejenti a anthu wamba akuyendayenda kukambirana mitengo m'chilankhulo cha FIPA, silinakwaniritsidwe. Malonda anasonkhana m'manja mwa makampani akuluakulu ochepa, aliyense ndi API yake (khomo limene mapulogalamu ena amalankhulira nayo) ndi malamulo ake. Ngati munthu akuuzani kuti masitolo akuluakulu amayendera JADE, m'funseni akuonetseni. Koma nzeruzo zinalowera khomo lina, zitasintha maina. Mukatsegula tsamba lokhala ndi malo a otsatsa malonda, nthawi zambiri malowo amagulitsidwa pa okushoni pomwepo, mapulogalamu a makampani osiyanasiyana akutchula mitengo m'mamilisekondi pafupifupi 100, inu tsamba lisanathe n'kutseguka komwe. Amati real-time bidding. Ogulitsa ambiri pa misika ikuluikulu ya pa intaneti ali ndi mapulogalamu osintha mitengo okha poona ya anzawo. Pa misika ya masheya, mu 2001 ofufuza a ku IBM anapikisanitsa anthu ndi maejenti pa msika woyeserera, maejenti n'kupambana, ndipo lero malonda ochuluka kumeneko amachitidwa ndi mapulogalamu. Palibe amene amazitcha multi-agent system pa chikwangwani, koma ndizo zimenezo.

Pali zina zokhala pa malire. Maloboti a Kiva Systems, kampani yomwe Amazon inagula mu 2012 pa madola 775 miliyoni, amanyamula mashelefu athunthu n'kupita nawo kwa wolongedza. Omwe anawapanga anawafotokoza ngati maejenti, loboti iliyonse ndi kachitidwe kake, koma onse ndi a mwini mmodzi ndipo pali pulogalamu ya pakati yogawa ntchito. Pamenepa uejenti ndi njira yokonzera pulogalamu kuti isasokonekere, palibe loboti yomwe ikufuna kudyera inzake masuku pamutu. Muziona kusiyana kumeneku mukamawerenga, chifukwa mapepala ambiri amatchula zonse ziwiri ndi dzina limodzi.

Maejenti a eni osiyana akakumana pamabadwa zinthu zomwe palibe anazilemba. Mu Epulo 2011 katswiri wa biology, Michael Eisen, anaona buku lakale la sayansi ya ntchentche likugulitsidwa pa Amazon pa madola opitirira 1.7 miliyoni. Atatsatira kwa masiku angapo anaona kavinidwe kake. Ogulitsa anali awiri. Pulogalamu ya woyamba tsiku lililonse inkaika mtengo pa 0.9983 ya mtengo wa mnzake, kutsikirako pang'ono kuti ikope ogula. Ya wachiwiri inkaika pa 1.270589 ya mtengo wa woyambayo. Eisen anaganiza kuti mwina wachiwiriyo analibe n'komwe bukulo, ankafuna kuti akapeza kasitomala akaligule kwa mnzakeyo n'kudyapo pamwamba. Aliyense payekha anali ndi nzeru ndithu. Koma chulukitsani manambala awiriwo, mupeza pafupifupi 1.268, kutanthauza kuti ulendo uliwonse mtengo unkakwera ndi 27 peresenti. Unafika pa madola 23,698,655.93, kuwonjezerapo madola 3.99 otumizira, munthu asanazindikire n'kuubweza pa madola pafupifupi 106. Mukadaunika pulogalamu iliyonse payokha simukadapeza cholakwa chachikulu, kupatula kuti wolemba anaiwala kuika denga. Vuto linali pakati pawo. Tsiku la 6 Meyi 2010, pamene Dow Jones, muyeso wa mitengo ya masheya ku America, inagwa ndi mapointi pafupifupi 1,000 n'kudzukanso pasanathe ola, linali ndi fungo lomwelo, mapulogalamu akuthamangitsana, iliyonse ikuyankha zochita za inzake.

Ichi n'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kuti pa kafukufuku wa maejenti, malamulo a msika ndi olemera kuposa kuchenjera kwa ejenti. Ophunzira amafuna kupanga ejenti yanzeru zoopsa. Koma mu 1993 Dhananjay Gode ndi Shyam Sunder anaika pa msika woyeserera maejenti opanda nzeru ngakhale pang'ono, ongotchula mitengo mwachisawawa, lamulo lawo limodzi lokha n'lakuti asagule kapena kugulitsa moluza. Msikawo unatulutsa pafupifupi phindu lonse lomwe ukanatha kutulutsa. Nzeru inali m'kakonzedwe ka msika.

Taonani chitsanzo cha okushoni. Chinthu china mumachiona kuti n'choyenera madola 100. Aliyense alemba mtengo wake mobisa, wopambana alipira zomwe walemba. Simungalembe 100, poti mukapambana simupindula kanthu, ndiye mumalemba 85 kapena 78 malinga ndi mmene mukuwaganizira anzanu. Ejenti yanu iyenera kukhala yolosera. William Vickrey mu 1961 anasonyeza kuti mukasintha lamulo limodzi, wopambana azilipira mtengo wa amene wabwera pachiwiri, kulosera konse kumatha ntchito. Mwalemba 100, wina 80, wina 60: mwapambana, mulipira 80. Mukanalemba 90 mukanalipirabe 80 yomweyo. Mukanalemba 75 mukanataya chinthu chomwe mukanapindula nacho 20. Mukakokomeza n'kulemba 120, tsiku lina mudzakumana ndi wolemba 110, mudzalipira 110 pa chinthu cha 100. Choncho kunena zoona ndiye njira yabwino, ndipo ejenti yanu ikhoza kukhala ya mizere itatu. Vickrey analandira mphoto ya Nobel mu 1996. Koma musaganize kuti nkhani inathera pamenepo: mu 2019 Google inasintha okushoni ya Ad Manager, yogulitsira malo otsatsa malonda, kupita ku lamulo loti wopambana alipire zomwe watchula, ndipo maejenti a otsatsa anayenera kuphunziranso kutsitsa mitengo mochenjera.

China chomwe chimandisangalatsa ndi kafukufuku wa Alvin Roth ndi Axel Ockenfels wa mu 2002. Pa eBay okushoni imatha pa nthawi yoikika, ndiye anthu anaphunzira kubisala mpaka masekondi omaliza, ena n'kupanga mapulogalamu oponya mtengo pa mphindi yothera kuti mnzawo asapeze mpata woyankha. Okushoni za Amazon za nthawi imeneyo zinkapitirira mpaka patadutsa mphindi 10 popanda wotchula mtengo wina, ndipo khalidwe lobisalirali linali lochepa kwambiri. Anthu ndi amodzimodzi, katundu wofanana, kasiyana kalamulo kamodzi ka nthawi yotsekera.

Pali mbali ina yodetsa nkhawa yomwe ikadali yotseguka, ndipo ingakhale mutu wabwino. Mu 2015 boma la America linazenga mlandu munthu wina wogulitsa mapositala pa Amazon chifukwa chogwirizana ndi anzake kugwiritsa ntchito mapulogalamu kuti mitengo isatsike. Pamenepo anthu anapangana, lamulo linali ndi pogwira. Koma mu 2020 Emilio Calvano ndi anzake anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti maejenti ophunzira okha mwa njira ya Q-learning (kuyesa n'kuona chopindulitsa), pa msika woyeserera, anafika posunga mitengo pamwamba popanda kutumizirana uthenga uliwonse. Ina ikatsitsa, inzake imatsitsanso kwa kanthawi ngati chilango, kenako onse n'kukwereranso limodzi. Palibe anawauza kutero. Ndiye mumanga ndani? Ena amatsutsa kuti misika yeniyeni ndi yosokonekera kwambiri moti izi sizingachitike mosavuta choncho, ndipo mtsutsowo ndi woyenera kuumva.

Nanga mbali ziwirizi zimakumana pati? Ndikuona malo atatu, osafanana kukula.

Oyamba ndi pamene lamulo labwino la msika limafuna masamu olemera. Kampani ya malori ikufuna ulendo wochoka mzinda A kupita ku B pokhapokha itapezanso katundu wobwerera naye, apo ayi lori ibwerera yopanda kanthu. Ndiye mumalola maejenti kutchula mtengo wa mitolo ya maulendo, osati ulendo umodziumodzi. Amati combinatorial auction. Kwa ogula n'zabwino kwambiri, koma wogulitsa amatsala ndi mutu waukulu: mitolo iti yosagundana yomwe ibweretse ndalama zambiri? Zinthu 30 zokha zimatha kupanga mitolo yopitirira 1 biliyoni, ndipo vutoli lili m'gulu la NP-hard, mavuto omwe palibe njira yachangu yodziwika yowathetsera. Apa mumafunadi mapurosesa ambiri. Koma ntchito yake sigawika mofanana. Mumafufuza ngati mumtengo wa nthambi zambiri, kudula nthambi zosathandiza, ndiye purosesa ina imapeza kuti nthambi yake yafa msanga n'kukhala manja lende, inzake ikulira ndi nthambi yaikulu. Pamafunika njira yoti yomaliza msanga izikatenga ntchito kwa yolemedwa, ndiponso yoti imodzi ikapeza yankho labwino iuze zinzake msanga kuti zidule nthambi zambiri. Uwu ndi mutu wokhala ndi mnofu, ngati masamu simuwaopa.

Achiwiri ndi nthawi yochepa ija ya real-time bidding. Ejenti imodzi mkati mwake ndi gulu la maseva oyankha mapempho osawerengeka, onse akudya bajeti imodzi ya wotsatsa. Mwaiona nsapato yomaliza yabweranso? Tsopano ndi dola yomaliza ya bajeti.

Achitatu, omwe ndikuganiza kuti ndi anu, ndi kuyeserera misika. Simungayese lamulo latsopano pa makasitomala enieni, ndiye mumamanga msika m'kompyuta. Trading Agent Competition, yomwe Michael Wellman ndi anzake ku University of Michigan anayambitsa mu 2000, inali yotero: maejenti 8, iliyonse ikukonzera makasitomala 8 ulendo, kugula matikiti a ndege, zipinda za hotela ndi matikiti a zosangalatsa pa okushoni 28 zoyenda nthawi imodzi. Kuvuta kwake kunali koti tikiti ya ndege ilibe ntchito ngati hotela mwaiphonya, koma muyenera kugula chimodzi musanadziwe mtengo wa chinzake. Mu 2003 anawonjezera masewera a kampani yolumikiza makompyuta, yogula zipangizo uku ikupikisana pa maoda. Mapepala a mipikisano imeneyi akuphunzitsani zambiri kuposa mabuku ofotokoza tanthauzo la ejenti.

Mwina mukudabwa kuti sindinatchule maejenti a masiku ano, omangidwa pa mapulogalamu olankhula ngati munthu, omwe akuti azitigulira zinthu. Ndi enieni ndipo akubwera. Mu 2025 Google inalengeza Agent2Agent, njira yoti maejenti a makampani osiyana azilankhulirana, ndipo amene tinaona FIPA tinangomwetulira. Mafunso ndi akale aja: sitolo iwatsegulira khomo kapena iwachita za BargainFinder? Ejenti ikakulangizani chogula, ikumvera inu kapena amene akuilipira? Chatsopano n'chakuti ejenti yowerenga mawu wamba ikhoza kupusitsidwa ndi mawu omwe wogulitsa wabisa pa tsamba lake. Ya Kasbah inali yosaphunzira, koma sukanainyengerera.

Ndikanakhala inu ndikanatenga kanthu kakang'ono. Msika wa chinthu chimodzi, ogulitsa atatu kapena anayi, aliyense ndi pulogalamu yosintha mtengo. Muyambe ndi maejenti opusa a Gode ndi Sunder kuti mukhale ndi poyerekezera, kenako otsanzira mnzawo ngati a buku la ntchentche aja, kenako ophunzira okha. Musinthe lamulo limodzi lokha, mwachitsanzo kuti mtengo usinthidwe kangati pa tsiku, kapena kuti ogulitsa aziona mitengo ya anzawo nthawi yomweyo kapena mochedwa. Funso lanu likhale loyankhika ndi nambala: mitengo imakhazikika pati, ogula amataya zingati. Parallel computing ilowe pothamangitsa masewera masauzande ambiri, iliyonse payokha pa purosesa yake. Masewerawa sadikirana, ndiye Amdahl sakuvutitsani, ndipo mudzakhala ndi zotsatira zokwanira kunena chinthu molimba mtima.

Chimene ndikukuchenjezani ndi kugawa msika umodzi pa makompyuta ambiri musanafunikire kutero. Ndinachitapo zimenezo ndili wophunzira ngati inu. Ndinaika ejenti iliyonse pa thread yakeyake (kanjira ka pulogalamu koyenda pakokha), ndikunyada kuti tsopano ndi odziimira paokha enieni. Ejenti yanga ina inkapambana mochititsa kaso, ndinayamba kale kulemba chaputala chofotokoza nzeru zake. Tsiku lina ndinasamutsira zonse pa kompyuta ina, ejenti ija inakhala yachitatu. Ndinabwerera pa yakale, inapambananso. Ndinatha milungu iwiri ndikusakasaka, mpaka ndinatsegula log, mndandanda wa zonse zomwe pulogalamu inachita, n'kuona kuti pa kompyuta yakaleyo thread yake inkayamba kudzuka, uthenga wake n'kumafika pa msika patsogolo pa ena, ndipo lamulo langa linali lakuti mitengo ikafanana wofika poyamba atenge. Nzeru zomwe ndinazilembera masamba 12 zinali mwayi wa pa mzere.

Leslie Lamport analemba za vuto limeneli mu 1978, kuti pa makompyuta olekana mawu akuti "ichi chinayamba" alibe tanthauzo lodalirika pokhapokha mutalikonza nokha. Choncho mu msika wanu woyeserera nthawi muziiyendetsa inu: sonkhanitsani mauthenga onse a ulendo umodzi, asakanizeni ndi random seed (nambala yoyambira kusakaniza) yomwe mwaisunga, kenako muwapereke ku msika. Seed iliyonse muilembe pambali pa zotsatira zake, kuti oyesa mayeso akadzati bwerezani masewera nambala 4,312 tione, mudzawabwereze n'kutuluka chimodzimodzi.